Mlatho Umene Ine Ndekha Sindidutsapo

Anzanga, mukadzadutsa kuno ku Domasi Lamulungu m'mawa n'kuona bambo wovala tayi atapinda buluku mpaka m'mawondo, nsapato zili m'manja, akuwoloka kamtsinje m'madzi pomwe anthu ena onse akudutsa pa mlatho pamwamba pake, musadzafulumire kunena kuti mutu wake sukoka. Ameneyo ndine. Mutu umakoka bwinobwino, chinandilakwira ndi pakamwa.

Ndimaphunzitsa pa kakoleji kena ka zaumisiri cha kufupi ndi Songani, koma musandiyese injiniya ayi. Ine ndinaphunzira za zilankhulo, ntchito yanga n'kuphunzitsa ana a uinjiniya kulemba malipoti ndi makalata ofunsira ntchito, phunziro limene iwo amalitenga ngati nthawi yopuma. Ndikamalowa m'kalasi ena amayamba kuyasamula ndisanapereke ndi moni yemwe. Ndiye chaka chatha akuluakulu atawonjezera mutu wa masamba a mchezo ndi makanema a pa intaneti, ati injiniya wa lero azitha kufotokozera anthu wamba ntchito yake, ine ndinati eya, nthawi yanga yakwana, ana amenewa andidziwa.

Masabata awiri athunthu ndikuwaphunzitsa, bandulo ya intaneti yogula ndekha. Kanema akhale wamfupi, mawu oyamba amugwire munthu chala chake chisanapitirire, ndipo mukapeza pamene anthu angaseke, dulani pomwepo muike koyambirira. Ndinawauzanso, chala chili m'mwamba, kuti chimene chalowa pa intaneti sichitulukanso, choncho musanalankhule za chinthu cha eni ake, yambani mwafunsa. Mawu amenewa ndinalemba pa bolodi ndi dzanja langa lomweli, n'kudula mzere kawiri kunsi kwake. Kenako, pofuna kuoneka mphunzitsi wamakono, ndinalengeza kuti gulu limene kanema wake aonedwe ndi anthu ambiri litenga malikisi onse. Anandituma ndani? Palibe.

Tsopano mumve mbali inayo kuti mudziwe chimene ndinkaseweretsa. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kuno ndinabwera ndi ntchito n'kukwatira Esinati, mwana wa m'chigwa momwemuno. Zaka zinayi takhala m'nyumba ya lendi pa Songani, chipinda chimodzi ndi pabalaza, ana awiri kugona pansi pa tebulo, chimbudzi cholimbirana ndi mabanja asanu. Atsibweni ake a Esinati, a Tepani, amene ndi eni mbumba komanso mkulu wa mpingo, anali atatilonjeza malo omangapo nyumba kumudzi kwawo, tsidya lija la kamtsinje, kufupi ndi tchalitchi chathu. Chinatsala n'kungotilozera malire Loweruka la sabata imeneyo. Njerwa ndinali nditawotcha kale, uvuni uli chiimire tsidya lino pamene pali dothi labwino, kungodikira kuwoloka.

Lachiwiri ndinatenga kalasi yonse ulendo wa ku mlatho wolowera kumudzi kuja, ati ndikawaonetse chitsanzo cha kajambulidwe. Milatho ilipo yambiri m'chigwa muno, nanga ndinasankhiranji umenewo? Ndinene zoona, ndinkafuna abale a mkazi wanga andione ndikutsogolera mainjiniya ovala zipewa zachikasu zija, adziwe kuti sanakwatitse mwana wawo kwa munthu wamba. Inenso ndinabwereka chipewa chimodzi, chachikulu, chomangogwera m'maso.

Ndinaima pakati pa mlatho, foni atagwira Takondwa, mtsikana wotsogolera kalasiyo, wanzeru kuposa onse. Ndinayamba mwaulemu ndithu, kuti uwu ndi mlatho wa konkire, umathandiza anthu a midzi iwiri. Wina kumbuyo anayasamula. Pamenepo maso anga anagwera pa mzere wowongoka umene unadula mlathowo pakati, kuchoka mbali iyi kukafika inayo, mpata woti chala n'kulowa. Ndinati basi, mng'alu uwu ndiye chogwirira anthu chija.

"Taonani apa!" ndinakuwa. "Amene anamanga mlatho uno simenti ankayeza ndi supuni ya tiyi, yotsalayo anakamangira khitchini ya mkazi wake wachiwiri!"

Ana anafa nacho chiseko. Anzanga, kodi mukudziwa kukoma kwake kuseketsa ana amene akhala akukuyasamulira chaka chonse? Kumaledzeretsa kuposa kachasu. Ndinangomva pakamwa pakupita pokha.

"Ameneyu si mmisiri, ndi chigawenga! Mbuzi yanzeru singadutse pano. Ine ndiye ngakhale mutandinyengerera bwanji, bola kuvula nsapato n'kuwoloka m'madzi!"

Kenako ndinayamba kudumphadumpha kuti anthu aone mmene ukugwedezekera. Mlatho uli nji! Chinagwedezeka ndi chipewa chobwereka chija, chinavuka n'kugwera m'madzi, ulendo wa ku nyanja ya Chilwa.

Takondwa anatsitsa foni pang'ono. "Aphunzitsi, pepani, umenewo si mng'alu. Mpata umenewo amausiya dala kuti konkire ikatenthedwa ndi dzuwa izipeza pofutukukira."

"Takondwa, iwe dziwa za konkire, ine ndidziwe za kanema. Jambula!"

Mumtima mwanga ndinkatukwana kontilakita wina wa m'tauni wosadziwika, poti makontilakita ndiye aliyense amawatukwana ndipo sabwera kudzafunsa. Amayi awiri amene ankachapa kunsi kwa mlatho anasiya kuchapa n'kumandiyang'ana pakamwa pali yasa, ine n'kumati agoma ndi Chichewa changa. Pobwerera Takondwa anafunsa ngati gulu lake lingagwiritse ntchito zimene anajambulazo, ine osaganiza n'komwe ndinati, "Chitani monga ndinakuphunzitsirani."

Anachitadi, ndipo sanaphonye ngakhale phunziro limodzi. Kudumpha kuja anaika koyambirira, supuni ya tiyi pambuyo pake, chipewa chikuyandama kumapeto, pamwamba n'kulembapo kuti mphunzitsi wa mainjiniya wayalutsa mlatho wa ku Domasi. Lachitatu anaponya pa Fesibuku ndi pa TikiToki, pofika Lachinayi kanema anali atalowa m'magulu onse a pa Watsapu, la amayi a kumpingo, la ogulitsa tomato, ngakhale la aphunzitsi anzanga. Kondakitala wa minibasi pa Songani anandikuwira, "Bwana a supuni ya tiyi, kwerani kutsogolo!" Ndipo ine chitsiru ndinakweradi kutsogolo, ndikumwetulira ngati phungu.

Kumwetulira kunatha nditayamba kuwerenga ndemanga. Mainjiniya enieni anali atafika. Wina anati bambo awa uinjiniya anaphunzira kuti, mpata umenewo ndiye umboni woti womangayo ankaidziwa ntchito. Wina anati ana athu ali m'manja mwa anthu otere, Mulungu atichitire chifundo. Nditafika kunyumba ndinapeza Esinati atakhala pampando, foni ili pamiyendo, mbaula yosayatsa.

"Bambo a Dalitso, mlatho uja mukudziwa anamanga ndani?"

"Kontilakita wina wake, kaya wa ku Blantyre."

"Anamanga atsibweni."

Anandifotokozera mosakweza mawu, zimene zinawawa koposa. Madzi atakokolola mlatho wakale wamitengo, anthu ankawoloka ndi maliro pamapewa madzi ali m'chiuno, ndiye a Tepani, amene anali atangopuma pa ntchito ya zomangamanga, anamema mudzi ndi mpingo, n'kumanga mlathowo mongodzipereka, chilimwe chonse. Esinati wanga yemweyu, ali mtsikana wa ku pulayimale, ankasenza mchenga pamutu. Zaka zinayi ndikudutsapo popita kutchalitchi, osafunsa ngakhale kamodzi. Safunsa anadya phula, koma ine ndinadya langa pamaso pa dziko lonse.

"Komanso akazi awo sanadye chiyambire dzulo," anawonjezera. "Akuti atsibweni awaonetse khitchiniyo ndi mwini wake yemwe."

Ndinamuimbira Takondwa nthawi yomweyo kuti afufute. Anati, "Tafufuta aphunzitsi, koma anthu anatenga kale. Paja munati chalowa sichitulukanso." Mwana wa eni ake kundibwezera mawu anga omwe, ndipo mwaulemu.

Loweruka lija loti akatilozere malire ndinanyamula tambala wamkulu, Esinati patsogolo, ulendo wokapepesa. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo bola akanandikalipira. A Tepani tinawapeza pakhonde, anatiyalitsira mphasa, anafunsa za ana, za ku Ntcheu, za mvula. Nditagwada n'kuyamba kufotokoza kuti zinali za m'kalasi chabe, anakweza dzanja.

"Akamwini, kanema wanu ndaonera katatu. Mumalankhula bwino, n'chifukwa chake anakupatsani ana kuti muziwaphunzitsa. Ine sukulu ya uinjiniya sindinapiteko, ndinkangoonera azungu akumanga. Ndiye poti ophunziranu mwatichenjeza, sitingalole njerwa zanu zidutse pamenepo, ungagwe n'kupha anthu, mlandu n'kukhala wa chigawengane. Malo aja tapereka kwa mng'ono wake wa Esinati. Mwamuna wake amagulitsa makala, milatho saiopa."

Zaka zinayi za kugwada, kupalira m'munda mwa apongozi, kukumba nawo manda, kuseka nthabwala zosaseketsa, zonse zinapita ngati chipewa chija. Esinati sanalire, anangoyang'ana pansi. Tambala analandiridwa.

Mukuganiza zinathera pomwepo? Potsanzikana a Tepani anatenga ndodo yawo, ati mlendo saperekezedwa ndi maso. Anatiperekeza pang'onopang'ono, akupereka moni nyumba iliyonse, anthu n'kumatsatira, mpaka tinafika pa mlatho. Esinati anadutsa. Nditangoti ndiponde, ndodo inatsekereza njira.

"Ayi akamwini, tisakutayeni. Munalumbira nokha kuti bola m'madzi. Vulani bwinobwino nsapatozo, ndipo musamale, mwala wachiwiriwo ndi woterera."

Ndinavula. Nanga mkamwini n'kutani, mudzi wonse uli pamtunda? Mwala wachiwiri uja unalidi woterera, sananame, ndinakhala pansi m'madzi ndi tayi yemwe, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona mafoni atatu atandiloza. Mmodzi mwa ojambulawo anachita kugwada kuti nkhope ioneke bwino.

Lolemba ndinalowa m'kalasi, palibe anayasamula. Ndinatenga cholembera chofiira n'kupatsa gulu la Takondwa malikisi onse monga ndinalonjezera, poti kanema wawo anaonedwadi ndi anthu ambiri kuposa magulu ena onse kuphatikiza pamodzi. Akuluakulu a pakoleji anati mutu watsopanowu ana aumvetsa kwambiri, chaka chino ndiuphunzitsenso.

Mpaka lero tili m'nyumba ya lendi. Uvuni uja wamera udzu, mbuzi zimagona pamwamba pake, ndipo pa malo aja paima nyumba ya malata ya wamakala, njerwa zake zinadutsa pa mlatho womwewo pa thirakitala, osagwedezeka. A Tepani sananene kuti chiletso chatha, inenso ndilibe nkhope yokafunsira, ndiye Lamulungu lililonse Esinati ndi ana amadutsa pamwamba n'kukandidikira tsidya, Dalitso atandinyamulira Baibulo kuti lisanyowe. Ndikakweza maso ndili m'madzimo ndimauona bwino mpata uja kuchokera kunsi, wowongoka ngati analemba ndi lula.

Ndiye ndalumbira, ndipo ulendo uno palibe akujambula. Ndikadzaonanso mng'alu pena paliponse, ngakhale khoma litachita kundigwera pamutu, ndisanakuwe ndizidzayamba ndafunsa kuti kodi anamanga ndi atsibweni a ndani.