Malo amene Che Binali anapikula

Che Binali anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Analibe boti, analibe munda, analibe ngakhale mbuzi. Koma mukanawafunsa, akanakuuzani kuti pa Senga Bay ponse panalibe munthu wa malo ambiri kuposa iwo.

Ine ndine Samueli, ndimakhoma maboti. Nyumba zathu zinali zoyang'anizana, ndipo munthuyu ananditopetsa. Ndikulemba izi chifukwa ana a masiku ano akumafunsa kuti Che Dotikomu anali ndani.

Dzinalo linabwera chonchi. Che Binali anapita ku Joni, kumene ankasesa m'shopu ina yomwe anthu amalipira kuti akhale pa kompyuta. Anabwerako m'chaka cha 2001 ndi kompyuta yokutira m'bulangete, komanso ndi matenda. Matendawo anali akuti chilichonse chimene aona chiyenera kukhala ndi adilesi ya pa intaneti, yothera ndi mawu akuti dotikomu.

"Mwadzuka bwanji, amisiri-maboti-dotikomu?"

"Ndadzuka. Dzina langa ndi Samueli."

"Limenelo iwalani. Mzungu wina analitenga kale."

Mbuzi ya eni ikamadutsa, ankaiyang'ana n'kupukusa mutu. "Chinthu chonenepa chonchi, chopanda adilesi."

Zikanathera pamenepo, bwenzi tikungoseka. Koma Che Binali anali ndi boti. Ndinalikhoma ndine, ndipo linali boti labwino. Nthawi yonse imene iwo anali ku Joni, botilo ndi limene linkadyetsa mkazi wawo, Esha: asodzi ankapita nalo ku chilumba cha Mbenji, iye n'kumayanika usipa pa thandala n'kugulitsa. Mwezi usanathe chibwerereni, Che Binali analigulitsa.

"Ndagula malo," anauza mkazi wawo.

Esha anakondwa. Nyumba yawo inali pa malo a kuchimuna, ndipo iye ankadziwa zimene zimachitikira mkazi pa malo otere mwamuna akafa. Mkulu wake anachoka pa ukwati ndi mphasa ndi poto mmodzi. Chimene Esha ankafuna pa dziko lino chinali chimodzi: malo ake, oti wina asadzamuchotsepo.

M'mawa mwake ndinamuona ataima pakhomo, khasu lili paphewa.

"Tiyeni, abambo, mukandionetse malire."

Che Binali anamukhazika pansi. Ine ndinasiya kupala thabwa kuti ndimve.

"Mayi, ku Amereka kuli chinyumba chodzaza makompyuta osazima. Eni ake amagulitsa malo m'makompyutamo. Ine ndapikula, monga mupikulira usipa pa ndowa. Ndizigulitsa pa mulu. Mwini hotela akafuna kuti dziko lonse lione hotela yake, ndimudulira kagawo, ndimupatsa adilesi, ndimuikira zithunzi. Iye azindilipira chaka ndi chaka."

"Chinangwa chimamera pamenepo?"

"Sichimera."

"Nyumba ndingamange?"

"Simungamange."

"Ndikafa mungandiikepo?"

"Mayi, awa ndi malo oti palibe angakulandeni."

"Inde," anatero Esha, "chifukwa palibe angawapeze."

Anakatsamiritsa khasulo kuseri kwa chitseko. Sabata imeneyo Che Binali ankadya kwathu.

Kenaka anaitanitsa msonkhano pafupi ndi msika kuti apeze ogula. Zinali zaka zija zipani zitachuluka, pamene mawu akuti msonkhano ankatanthauza kuti kugawidwa nsalu. Anthu anabwera ambiri, amayi atakonzeka kale kuvina. Che Binali anakwera pa kreti, atavala jekete ya ku Joni dzuwa likuswa mtengo.

"Abale, ndabweretsa malo pa neti!"

"Chipani chake n'chiti?" anafunsa mayi wina.

"Si chipani."

"Nanga nsalu zili kuti?"

Msodzi wina wachikulire anakweza dzanja. "Che Binali, neti yanuyo ndi ya maso aakulu kapena aang'ono?"

"Ndi neti yokuta dziko lonse lapansi."

"Akoke ndani imeneyo?"

Wina anafuna kagawo koti amangepo thandala, bola kakhale kopanda mthunzi. Atamva kuti n'zosatheka, anati ndiye n'chimodzimodzi malonjezo a kampeni. Anthu anabalalika. Tinatsala atatu: Che Binali, ine ndi mwini kreti.

Che Binali anayamba kuyenda m'mahotela. M'mahotela aakulu alonda ankawabweza pageti. Kumene analowa, anauzidwa kuti abwana ali ku Lilongwe ndipo zimenezo anakonza kale. Nsapato za ku Joni zinatha ndi mchenga. Esha anapitiriza kuyanika usipa, koma tsopano wogula pa maboti a eni, ndipo sankaiwala kunena zimenezi mokweza.

Woyamba kuvomera anali Masiye, mwini resitihausi yaing'ono kuseri kwa msika. Anavomera chifukwa chotopa. Che Binali anamutsata ku msika, ku chigayo, mpaka ku maliro.

"Ikanipo, Che Binali, ikanipo, bola mundisiye ndipume."

Che Binali anabwereka kamera, najambula resitihausiyo ataima penapake pamene chimbudzi sichinkaoneka. Anakonza tsamba la pa intaneti la resitihausiyo pa kompyuta yawo ya kunyumba. Kompyutayo inalibe lamya. Kuti zinthu zifike ku Amereka, ankayenera kukwera matola kupita m'tauni ya Salima, ku byuro ya matelefoni imene inali ndi kompyuta yolumikiza.

Tsiku loonetsa linafika. Anatenga Esha, Masiye ndi ine, ngati mboni. Kompyuta ya pa byuro inayamba kulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Che Binali anati ikupereka moni ku Amereka. Analemba adilesi ndi chala chimodzi. Tinadikira.

Chithunzi chinayamba kutsika kuchokera pamwamba, pang'onopang'ono. Kunaoneka kumwamba. Tinadikira. Kunaonekanso kumwamba kwina. Masiye anapita kukagula mtedza, anabwerako, kudakali kumwamba. Kenaka nsonga ya mtengo inasuzumira.

"Onani! Denga likubwera!"

Magetsi anazima.

Esha anamanga chitenje chake bwinobwino. "Ndaona, abambo. Munagulitsa boti n'kugula mitambo."

Tinakwera matola kubwerera kwathu.

Mavuto sanathere pamenepo. Nthawi ya mvula m'bale wa Masiye wa ku Lilongwe anayesa kutsegula tsambalo, osapeza kanthu. Masiye anabwera akuwira.

"Che Binali, malo anga apita kuti?"

"Atseka."

"Atseka bwanji?"

"Mbenji satseka kodi mvula ikayamba? Asodzi onse amachoka pachilumba kuti nsomba ziswane. Uko n'chimodzimodzi."

"Ku Amerekako kukuswana chiyani?"

"Alendo."

Masiye anachoka akutukwana. Zoona zake n'zakuti makompyuta a eni malowo anali atawonongeka, ndipo Che Binali sakanachita kanthu koma kupita ku byuro tsiku ndi tsiku kukawalembera azunguwo m'Chingerezi chawo cha ku Joni. Wopikula ndi wotero: nsomba zikawola kwa mwini boti, amene amatukwanidwa ndi wa pa mulu. Masiku amenewo ankadutsa pakhomo panga n'kungoti, "Mwadzuka bwanji, a Samueli?" Ndinadziwa kuti zafika povuta.

Potsiriza eni malowo anatsegula. Ndipo mvula itatha, matola anatsitsa azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, zikwama zazitali kuposa eni ake. M'manja anali ndi pepala. Pa pepalapo panali resitihausi ya Masiye, yonse, kuyambira kumwamba mpaka pakhonde. Ankafunsa njira.

Che Binali anathamanga opanda nsapato. Anawanyamulira zikwama, anawapempha pepalalo, nayenda nalo msika wonse.

"Aswana! Masiye, sindinanene? Aswana!"

Anakaliika m'manja mwa Esha. Esha analiyang'ana nthawi yaitali.

"Chimbudzi chili kuti?"

"Pa neti sipakhala chimbudzi."

"Azunguwo alipira?"

"Alipira, ndipo akufuna chambo."

Chambocho anagulitsa ndi Esha. Sanapepese, sanayamike. Koma ulendo wotsatira wa ku byuro anakwera nawo matola.

Musaganize kuti analemera. Ogula anabwera ochepa: wosema ziboliboli, wa boti lonyamula alendo, timalodge tiwiri titatu. Ena ankafuna kuti chithunzi chawo chisinthidwe akagula malaya atsopano. Wina anabweza adilesi chifukwa inali yaitali kuposa ya mnzake, wina chifukwa inali yaifupi. Che Binali ankawapirira onse. Kampani ya ku Amereka ankailipira kudzera mwa Ramadhani, mlongo wake wa Esha, amene ankakhala ku Joni ndipo anali ndi khadi ya ku banki.

Esha ankakhala pambali pawo mu byuro, n'kumaonerera. Ine ndinkamva maphunzirowo ali pakhonde madzulo.

"Malowa amafuna kulimira chaka chilichonse, mayi. Mukapanda kulipira, adilesi imagwa, wina n'kuitola. Munda wosalimira si wanu."

"Ndamva."

"Ndipo geti lake limatseguka ndi mawu amodzi. Mawuwo musalembe paliponse."

"Ndati ndamva. Kodi ine ndi mwana?"

Kenaka chifuwa chinawagwira Che Binali. Anapita ku chipatala, anabwerako, anapitanso. Jekete ya ku Joni inayamba kuwakulira. Tsiku lomaliza limene ndinakawaona anali pa mphasa, mawu atachepa.

"Amisiri-maboti-dotikomu."

"Ndabwera."

"Simunagule malo kwa ine."

"Sindinagule."

"Boti lija linali labwino."

"Ndikudziwa. Ndinakhoma ndine."

"Inshallah, mudzaona," anatero, kenaka anatsokomola. Ndinawauza kuti agone.

Anamwalira m'mawa wa Lachinayi, ndipo pofika masana tinali titawaika, monga achitira anzathu a ku mzikiti. Shehe atatchula dzina lawo kumanda, wina kumbuyo ananong'ona kuti dotikomu. Anthu anayang'ana pansi. Mapewa ena ankagwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka.

Sadaka ya masiku makumi anayi itatha, anafika Saidi, mng'ono wawo wa Che Binali, wochokera ku Nkhotakota. Anabwera ndi galimoto ya hayala. Munthu wobwera kudzalira sabwera ndi galimoto yopanda katundu. Anandiitana kuti ndikhale mboni.

"Alamu," anatero kwa Esha, "tamva kuti achimwene anasiya malo ambiri. Tionetseni."

"Sindingathe kukuonetsani."

"Mukubisa?"

"Nanenso ndinaona mitambo yokha."

Saidi anakwiya. Anakweza bedi, matiresi, njinga, wailesi. Kenaka anavundukula chitenje chimene chinkaphimba kompyuta.

"Malo ali umu. Achimwene ankalowetsa umu."

"Mulibemo," ndinatero. "Ali ku Amereka."

"Amisiri, inu khomani maboti."

Ndinamupatsa njira. Anainyamula yekha, osalola wina kuigwira. Za nyumba anati ili pa malo a makolo awo, choncho Esha akhale atachoka mvula isanagwe. Atasuzumira kuseri kwa chitseko anapeza khasu lija, ladzimbiri. Analiponya pa mapazi a Esha.

"Ili tengani, alamu. Mukalime kwanu."

Esha analiyang'ana khasulo. Kenaka anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ikutuluka. Amayi anamugwira, akuti chisoni chamusokoneza mutu. Saidi anauza dalaivala kuti alize galimoto.

Esha anachita lendi kachipinda pafupi ndi msika. Ankayanika usipa wake. Mwezi ukatha ankavala bwino, n'kukwera matola kupita ku byuro. Masiye ankalipira kwa iye. Wa ziboliboli ankalipira kwa iye. Ramadhani ankatumiza ku Amereka. Masamba onse anakhalabe pamalo pake, ndipo azungu a zikwama ankatsikabe ndi mapepala m'manja. Zovuta kwambiri ankafunsa a pa byuro. Zina zonse ankatha yekha, ndi chala chimodzi, monga mwamuna wake.

Patapita zaka ndinamufunsa chimene chinamuseketsa tsiku lija.

"Mawu otsegulira geti," anatero. "Anali akuti khasu. Anawasankha tsiku lomwe lija ndinaima nalo pakhomo. Ankati chimene ndinabwera nacho kudzalimira malowo, ndizilimira chomwecho. Ndiye alamu atenga zonse, n'kundiponyera kiyi."

"Nanga mukundiuziranji?"

"Ndinasintha kale. Mumayesa ndine wopusa?"

Bizinesiyo inatha yokha mafoni atabwera. Aliyense tsopano amajambula resitihausi yake n'kuionetsa dziko ali pa mpando, chimbudzi ndi zonse. Koma isanathe, Esha anali ataphatikiza za masambawo ndi za usipa, nagula kamalo ku msewu wa ku Salima. Ndi kakang'ono, kamchenga. Kali ndi malire, ndipo chinangwa chimamera.

Ine maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Boti lija likanagula malo aakulu kuposa amenewo, ndiponso msanga. Koma boti Saidi akanalitenga.

Pa msika masiku ano pali phokoso lambiri, koma palibe amakuimitsa panjira kuti akupatse adilesi. Mbuzi zimadutsa osanyozedwa. Anthu amandiitana Samueli, ndipo nthawi zina ndimachedwa kuyankha.

Esha ali moyo, amakhala pa malo ake. Kompyuta ija ili ku Nkhotakota. Saidi anaitsegula ndi sikuludilaiva kufunafuna mapepala a malo, sanapeze kanthu. Nkhuku yake imaikiramo mazira.