Mfunda Wobwereka

Mpaka lero ndikamatsika minibasi pa Lirangwe ndimayenda choweramitsa mutu. Papita zaka, koma manyazi ake sanandichoke.

Ine ndinakulira ku Chileka ndikudziwika ndi dzina la agogo anga, Jailosi. Ndilo lili pa satifiketi, ndilonso lili pa baji yanga ya kuntchito ku eyapoti. Zoti munthu amakhala ndi dzina lina la mtundu wa makolo ake, lija akuluakulu amati mfunda, ndinkangoti n'za anthu akale.

Ndiye linafika tsiku lokaonekera ku Lirangwe kwa amalume ake a Esinati, mtsikana amene ndinkafuna kumanga naye banja. Ndinavala jekete (mu Okutobala, tangoganizani thukuta lake). Atandipatsa mpando, Esinati anabweretsa madzi akumwa, ndipo amalumewo anati, "Zikomo Nambewe." Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Dzina talimva, bambo. Nanga mfunda wanu ndani?"

Ataona kuti sindikumvetsa, amalumewo anapitiriza.

"Tikamakuthokozani tizikutchulani kuti chiyani? Kaya ndinu aPhiri, kaya aBanda."

Apa munthu wanzeru akanangoti sindikudziwa. Koma ine ndinaopa kuoneka mwana wotayika. Ndinakumbukira "Nambewe" uja, n'kuganiza kuti tikafanana andikonda msanga.

"Ndine Mbewe," ndinatero, chifuwa patsogolo.

"Ooh! Mbewe wa kuti?"

"Makolo anachokera cha ku Mdeka." (Ku Mdekako ndinali nditangodutsako kamodzi, pa kabaza.)

Amalume anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Bambo ake a mwanayu ndi aMbewe a ku Mdeka komweko. Ndiye mwavalira jekete kudzafunsira mlongo wanu? Kuno zimenezo ayi. Imwani madziwo muzipita."

Esinati anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuyamba kusisima. Mkazi ndinali kumutaya ndi pakamwa panga pomwe. Ndinatsika pampando, n'kugwada pafumbi.

"Pepani amalume, ndanama. Mfunda wanga sindiudziwa."

"Muli ndi wamkulu kwanu? Muimbireni, tonse timve."

Ndinaimbira amalume anga n'kuwafotokozera zonse, mawu awo akumveka pabwalo ponse.

"Mbewe? Wayamba liti? Ndiwe Phiri, chitsiru iwe! Bambo ako Phiri, agogo ako Phiri. Pamaliro paja ndinkakufotokozera iwe uli pa foni!"

Amayi ena amene ankasenda nandolo pakhonde anaseka mpaka lichero linagwa. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo ndi jekete yomwe.

Ukwati unachitika, ndithokoze kuleza mtima kwa anthu aja. Ana athu ndinawaphunzitsa mfunda wawo asanadziwe n'kuwerenga komwe. Koma ku Lirangwe palibe amene anandiitanapo kuti aPhiri. Ndikapititsa shuga, apongozi amalandira ndi manja awiri, mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Zikomo aMbewe obwereka."

Ndipo Esinati ndikamulakwira sakalipa ayi. Amangoika chakudya patebulo n'kuitana mokweza, aneba onse akumva: "Achimwene, bwerani mudzadye."