Nkhanga Yovala Magalasi

Mukadzafika pasukulu yathu ku Pembamoyo mudzaona nsalu yopachikidwa pakhomo la kachipinda kena. Pansalupo pali mbalame. Chonde musadzafunse amene anaisoka, chifukwa ana adzakuperekezani mpaka kwathu.

Kachipindako ndi kosungiramo zinthu za sayansi, aphunzitsi a Mwale amati myuziyamu. Muli mafupa a ng'ombe, miyala, mbewu m'mabotolo ndi wailesi yakufa yotsegulidwa pamimba. Amene anajambula chizindikiro chake choyamba pakhoma ndi malemu amuna anga: botolo, m'kati mwake mukumera chimanga. Mvula itafufuta chimangacho panangotsala botolo, ndipo odutsa anayamba kufunsa ngati m'menemo amagulitsa kachasu. (Bambo aja anali mkulu wa mpingo. Bola sanazimve.)

Ndiye tsiku lina a Mwale anafika kwathu ndi pepala. Chimwalirire amuna anga, makina awo osokera ndi amene amandidyetsa, ndipo ntchito ya sukulu ukaiononga siibweranso.

"Amayi, ichi ndi chizindikiro chatsopano, achijambula pa kompyuta ku Chipata. Mutisokere pansalu yaikulu. Lachisanu kubwera alendo a ku boma."

Ndinafunyulula pepalalo. Kadzidzi. Wavala magalasi, wakhala pabuku, akundiyang'ana.

"Kumaiko ena mbalame imeneyi imaimira nzeru," anatero a Mwale.

"Chabwino, aphunzitsi." (Ine sukulu ndinalekera giredi folo. Ndikanatsutsana bwanji ndi kompyuta?)

Koma kadzidzi analira padenga pathu sabata imene amuna anga anatisiya. Kutchalitchi amati tisamakhulupirire zimenezo, ndipo ine sindikhulupirira. Kungoti pepalalo ndinakalisunga m'nkhokwe, osati m'nyumba.

Poyamba ntchito ndinati ndingochepetsa maso pang'ono kuti ana asamaope. Maso atachepa, timakutu ta kadzidziyo tinaoneka ngati nyanga, ndiye ndinatidula. Mutu unatsala waukulu ngati dzungu, ndinauchepetsanso. Kamutu kakang'ono sikakhala bwino popanda khosi, ndinaika khosi. Apa n'kuti nsalu yofiirira itatha ndi kuduladula, ndipo imene inatsala m'dengu inali yakuda ya timadontho toyera. Magalasi okha sindinawakhudze, chifukwa maphunziro ndimawalemekeza.

Mlamu wanga atalowa kudzabwereka sefa anaima n'kuyang'anitsitsa.

"Alamu, nkhanga imeneyi ikudwala maso?"

Nthawi yoyambiranso panalibe, nsalunso panalibe. Ndinaipinda bwinobwino n'kukaipereka Lachisanu m'mawa, a Mwale ali pakalikiliki ndi mipando.

Ana anaimba, ahedi analankhula, kenaka mlendo wamkulu, mayi wa ku ofesi ya maphunziro, anakoka chingwe. Nsalu ija inatambasuka. Wina kumbuyo analira ngati nkhanga, ndipo sukulu yonse inafa ndi phwete. A Mwale anavula magalasi awo, kuwapukuta, kuvalanso. Ine ndinafuna kulowa pansi pa benchi koma panali kale galu.

"Wasoka ndani?" anafunsa mlendoyo.

Zala zonse zinaloza ine. Ndinagwada.

"Mayi, tatiuzeni, nkhanga ikutanthauza chiyani pa sayansi?"

Ndinafuna kunama, koma bodza la sayansi ndikanalitenga kuti? "Pepani, amayi. Anandipatsa kadzidzi. Ndinachita mantha."

Mlendoyo anatembenukira kwa a Mwale. "Aphunzitsi, mumafuna kupachika kadzidzi pakhomo, makolo akuno azilola ana awo kulowa m'menemo?"

A Mwale anakanda m'mutu. "Kunena zoona, amayi anganso anakana kuti pepalalo ligone m'nyumba. Linagona m'khola la mbuzi."

Anthu anasekanso, koma ulendo uno sanali kuseka ine ndekha.

"Isiyeni pomwepo," anatero mlendoyo. "Nkhanga imayenda ikufukula pansi kuti ione chimene chili m'menemo. Si ntchito ya chipinda chino imeneyo?"

Ahedi anaomba m'manja ngati nzeruyo inali yawo.

Pobwerera a Mwale anandipeza panjira. "Amayi, mukanangondiuza tsiku lomwe lija. Nanenso ndinali kufuna wina woti ayambe kukana."

Ntchito sinandichoke. Mabaji a nkhanga a pamalaya a ana ndikusoka ndine, ngakhale palibe nkhanga ziwiri zimene zafanana. Mudzi wonse tsopano umanditcha Anankhanga, ndipo ndimavomera. Ndinaphunzirapo kuti chinthu chikakuopsa uzinena msanga, usanadule nsalu ya eni ake.

Sabata yatha a Mwale anabweranso ndi pepala lina, la gulu la ana osamalira mitengo. Pali bilimankhwe.

"Chabwino, aphunzitsi," ndinatero.

Lili m'nkhokwe.