Mmene Ndinalembera Mayeso a Usilikali Pamaso pa Njovu

Usiku wathawu ndinalota ndikulemba mayeso a usilikali omwe aja tikukalemba Lowerukawa, ndipo iwe Ndifanji usayambe kuseka ndisanamalize, chifukwa ine tsitsi lidakali nyaunyau mpaka pano. Mukudziwa kale kuti amayi sindinawauze za mayesowa. Chibwerere achimwene a Lonjezo m'bokosi lokutidwa ndi mbendera, kuchokera ku ntchito yosungitsa mtendere kunja kuja, amayi akangomva ng'oma ya asilikali pa wailesi amathimitsa n'kutuluka panja. Ndiye ndinagona nkhaniyo itandikhala pakhosi.

Ndiye ndinangopezeka ndaima pachipata cha msasa wa asilikali, dzuwa lili paliwombo. Nditacheuka ndinaona mzere wa anthu kumbuyo kwanga, aliyense envelopu m'manja, mzerewo utadutsa pamsika pa Mponela, n'kukwera mapiri a Dowa, mpaka kukalowa m'mitambo. Otsiriza ankaoneka mapazi okha. Palibe amene ankalankhula, ngakhale kutsokomola.

Mwadzidzidzi chipatacho chinanditchula dzina. Chinali chachitsulo, ndipo mawu ake ankamveka dzimbiri lokhalokha.

"Sungeni, muno muli makomo otsatana," chinatero. "Loyamba ndi la thupi, kenako la miyendo, kenako la mutu, lomaliza la pakamwa. Likakukana limodzi, enawo suwaona."

Ndiye chinatseguka chokha, ndipo mkati ndinakumana ndi sajeni wamfupi, wa ndevu za pamlomo, atakhala patebulo. Ndisanampatse envelopu, satifiketi yanga ya Fomu 4 inatuluka yokha, n'kuima patebulopo, n'kuyamba kundichitira umboni. Inanena kuti Chingerezi ndinakhoza bwino, zaulimi ndiye osanena, koma itafika pa masamu inatsitsa mawu n'kunena kuti pamenepo panagwira ntchito chisomo. Sajeni ankangogwedeza mutu, ndipo mutuwo unkakulirakulira, khosi likutupa mpaka kolala kung'ambika, nyanga n'kutuluka m'mbali mwa chipewa. Pomwe satifiketi inkamaliza, patebulo panali patakhala njati yovala yunifolomu. Sindinathawe. Ndinangoona kuti sindinaonepo chinthu chaulemerero chotero, ndipo inapumira mpweya wotentha pankhope panga n'kundilozera khomo loyamba ndi nyanga.

Kukhomo la thupi kunali mtengo woyezera msinkhu. Unandiuza kuti ndivule nsapato nditsamire, ndiye nditatsamira unausa moyo n'kunena kuti ndaperewera pang'ono, ngati chikhadabo. Ndiye ndinakumbukira mmene achimwene ankandiimitsira pakhonde akabwera kutchuthi ndili wamng'ono, chibwano m'mwamba, mapewa kumbuyo, mimba mkati. Nditaima choncho ndinamva msana wanga ukulira ngati nsungwi ikamakula nthawi ya dzinja, mfundo ndi mfundo, mpaka mutu unagunda kathabwa kapamwamba. Mtengowo unati tsopano waona munthu, poyamba paja unkayeza mantha.

Mwadzidzidzi ndinali nditagona pabedi la chipatala pakati pa bwalo, dokotala wamkazi wa magalasi aakulu akundiyang'ana m'kamwa. Magalasiwo anasanduka maso, malaya oyera anasanduka nthenga, ndipo pachifuwa panga panatera kadzidzi. Mukudziwa zomwe timanena kadzidzi akalira padenga, ndiye ndinatsinzina. Koma uyu sanalire. Anawerenga mano anga ndi chala chake chakuthwa, n'kundiuza kuti nditchule zilembo za pakhoma, ndipo zilembozo zinauluka ngati atombolombo, ine n'kumazitchula zili m'malere mpaka kakang'onong'ono komaliza komwe kanakabisala kuseri kwa mtambo. Anatembenuza mapazi anga kuti aone ngati si aphwatalala, ndiye pansi pa phazi lililonse panali kamtsinje kakuyenda, ndi timatemba tomwe. Pomaliza anaika khutu pamtima panga nthawi yaitali.

"Mtimawu ndi wabwino," anatero kadzidzi. "Koma ukugunda ngati ukunyamula anthu awiri."

Ndinafuna kufunsa ngati limenelo ndi vuto, koma wezulo inali italira kale ndipo ndinali pakhomo la miyendo, tonse a mumzere uja titaima pamzere woyera. Njati inaponda pansi kamodzi, ndiye tinaliyatsa liwiro. Msewu unayamba kundilankhula kudzera m'zidendene. Unati umawadziwa anthu onse amene anauthamangapo, ndipo ambiri amagwa osati chifukwa cha kutalika kwake koma chifukwa choyang'ana anzawo. Ukulankhula choncho unkadzifunyulula kutsogolo ngati chitenje chatsopano, kukwera zitunda, kutsika madambo. Anyamata amene anayamba ndi ukali anasanduka agwape, n'kulumphira kutchire osabwereranso. Amene ankatopa n'kuima ankamera mizu pomwepo, kusanduka mitengo ya m'mbali mwa msewu, n'kumatiombera m'manja ndi masamba. Iwe Ndifanji unali patsogolo panga, ukuthamanga kwinaku ukudya chinangwa chootcha, ndipo sunandigawireko.

Titafika kumapeto, njati inalamula kuti tigwire pansi ndi manja tipange mapushapu. Apa ndiye ndinaona zodabwitsa, anzanga. Ndikakankha, si ine amene ndinkakwera, koma dziko lonse ndi limene linkatsika, mapiri, nyumba, zitsime za madzi, zonse. Ndikapinda mikono, dziko linkabwerera kudzandipsompsona pamphumi. Ndinachita mantha kuti ndikatopa ndiligwetsa, ndiye ndinapitiriza mikono ikunjenjemera, thukuta likugwera pansi n'kumera bowa.

Ndiye mwadzidzidzi kunazizira, ndipo ndinali nditakhala padesiki m'holo yopanda denga ndi makoma. Madesiki anandandalika m'dambo lonse mpaka kumene thambo limakumana ndi udzu. Limeneli linali khomo la mutu. Woyang'anira mayeso anali msilikali wamtali woonda, ndipo pamene ankatiuza kuti pepalali lili ndi magawo a Chingerezi, masamu ndi za dziko lathu, khosi lake linkapitirira kukwera mpaka anakhala nyamalikiti, akuona pepala la munthu aliyense nthawi imodzi. Mawu oti tiyambe anatsika kuchokera kumwamba ngati mvula yowaza.

Pensulo yanga inandinong'oneza kuti ndisailume, iyonso ili ndi mantha.

Nditatsegula gawo la Chingerezi, mawu onse anadumpha papepala n'kufola. Mawu a zadzulo anaima paokha, a zalero paokha, a zamawa paokha, ndipo ine ntchito yanga inali kubweza aliyense wosochera kumzere wake. Pansi pa funso lililonse panaima A, B, C ndi D ngati amuna odzafunsira mbeta, aliyense atavala jekete, aliyense akulumbira kuti woona ndi iyeyo. C ndiye anali wokongola kuposa onse ndipo ankandimwetulira pafunso lililonse, koma pensulo inandichenjeza kuti wotereyo amanama kawirikawiri.

Pa masamu funso linali la galimoto ya asilikali yochoka ku Karonga ndi ina yochoka ku Nsanje, kuti zikakumana kuti. Ndisanalembe kanthu ndinamva kulira kwa injini mbali zonse ziwiri, ndipo magalimotowo anatulukira ndithu, fumbi kobo, akubwera molunjika desiki yanga. Madalaivala anatulutsa mitu n'kumandifunsa kuti aime pati. Ndinagawa, ndinachulukitsa, ndiye nditangolemba yankho anaima, wina kumanja wina kumanzere, mphuno zawo zitatsala pang'ono kukhudza zigongono zanga. Madalaivalawo anapatsana moni pamwamba pa mutu wanga n'kuzimiririka.

Koma gawo la za dziko lathu ndi limene sindidzaiwala. Nditatembenuza tsamba, pepala linayamba kufutukuka, kupitirira desiki, kupitirira dambo, ndipo ndinapezeka ndili m'mwamba pafupi ndi mutu wa nyamalikiti, ndikuyang'ana dziko lonse pansi panga. Ndinaona phiri la Mulanje litafunda mtambo ngati munthu wodwala chimfine, mtsinje wa Shire ukunyezimira ngati mpeni, minda ya tiyi, minda ya fodya, utsi wa m'midzi, ana akutuluka kusukulu ngati nyerere. Funso likafunsa boma lililonse, bomalo linkayankha lokha kuti lilipo, lililonse m'chilankhulo chake, ndipo mawuwo pamodzi ankamveka ngati kwaya yaikulu. Ndinalira osadziwa chondiliza.

Funso lomaliza papepalapo linali loti malire a dziko ali pati. Ndinayang'ana kufuna mzere wofiira uja wa pamapu a kusukulu, koma kunalibe. M'malo mwake, kuzungulira dziko lonse, kunaima anthu phewa ndi phewa, nkhope zawo kunja, misana yawo kwa ife. Sankagwedezeka. Mvula inkawagwera ena, ena dzuwa linkawawotcha, ndipo kumbuyo kwawo anthu ankalima, kugulitsa tomato, kukwatirana, osawaona n'komwe. Ndiye pakati pawo ndinazindikira msana umodzi, phewa lamanzere lotsika pang'ono, khosi lokhala ndi chipsera cha njinga ija anagwa nayo tili ana. Ndinafuula kuti achimwene. Sanatembenuke. Nyamalikiti anatsitsa khosi mpaka pakhutu panga n'kundiuza mwaulemu kuti m'mayeso salankhula, ndiponso amene waima pamenepo satembenuka ngakhale amuitane ndi mlongo wake.

Sindikumbuka chimene ndinalemba. Ndinangoona pepala lapindika lokha, ndipo mwadzidzidzi ndinali m'kachipinda kakang'ono, khomo la pakamwa, nditaima pamaso pa mkulu wa asilikali wa imvi, mamendulo ali mbwee pachifuwa. Anandiuza kuti ndikhale, ndipo pamene ndinkakhala iye ankakula, makoma akum'patsa malo, mpaka kutsogolo kwanga kunali njovu, mamendulo aja akulira ngwerengwere m'makutu mwake. Maso ake anali aang'ono, onyowa, ngati a munthu amene waika maliro ambiri.

Inandifunsa chifukwa chimene ndikufunira usilikali. Ndinayankha zija timaloweza tikamathamanga m'mawa, zoti ndikufuna kutumikira dziko langa mokhulupirika ndi modzipereka. Mawuwo potuluka m'kamwa ankasanduka makoko a mtedza n'kugwera pansi, opanda kanthu mkati. Njovu inawasesa ndi chitamba n'kufunsanso funso lomwelo.

"Sindikudziwa, bwana," ndinatero. "Sindikudziwa ngati ndikufuna usilikali kapena ndikufuna achimwene anga."

Apa palibe khoko linagwa. Njovu inanena kuti pampando umenewo panakhalapo ambiri obwera kudzafuna munthu, ndipo ena mwa iwo anakhala asilikali abwino atazindikira kuti munthuyo sam'peza. Inati zimenezo ndidzazidziwa ndekha matope a kumaphunziro akadzandilowa m'makutu. Ndinayesa kuti ndamaliza, ndiye ndinayamba kunyamuka, koma inaika chitamba paphewa panga.

"Mayeso awa salemba munthu mmodzi," inatero. "Mnzako wolemba naye sanayambe n'komwe, chifukwa sunamuuze kuti wezulo yalira."

Ndiye inatambasula khutu lake ngati chitseko, ndipo kuseri kwake kunali khonde la kwathu. Amayi anali atakhala padesiki yaing'ono ya ana a sukulu, maondo atagunda thabwa, duku lawo lakuda lija kumutu. Patsogolo pawo panali pepala loyera lopanda funso ngakhale limodzi, lopanda A kapena B woti asankhe. Pensulo anaigwira ngati mmene amagwirira mpeni wosendera mbatata. Ndinafunsa njovu kuti iwowo awerenge chiyani pokonzekera, ndipo inati gawo limenelo lilibe buku, ndipo nthawi yake siitha.

Ndinayamba kuyenda kupita kwa iwo, ndikufunafuna mawu oyambira. Ndiye kumbuyo kwanga ndinamva anthu aja a m'malire akubwera akuguba, miyandamiyanda, mapazi awo akumenya pansi nthawi imodzi, tswa, tswa, tswa, nthaka ikunjenjemera, ndipo ndinadziwa kuti akangofika ndiyenera kulowa mumzere, ndanena kapena sindinanene. Ndinatsegula pakamwa, amayi anadzutsa mutu, kugubako kunafika pakhutu penipeni.

Ndinadzidzimuka kutayera kale, koma phokosolo silinasiye. Linkachokera kuseri kwa zenera. Nditasuzumira ndinaona amayi atakhala pa mtondo wogoneka pansi, beseni pakati pa miyendo, akukwecha ndi bulashi nsapato zanga zothamangira, zimene ndimabisa pansi pa thumba la makala kukhitchini. Ndinatuluka n'kuima pafupi nawo. Iwo sanandiyang'ane.

"Loweruka usakapite ndi nsapato zamatope ngati mwana wopanda mayi," anatero.

Ndipo anaviikanso bulashi m'madzi a sopo, n'kupitiriza kukwecha, tswa, tswa, tswa.