Nsomba Yodziwa Kujambulitsa

Iwe uli pakonapo, ndakuona ukutsinzinira mnzako. Seka ndithu, koma uyambe wandiuza bwato limene unabadwiramo, chifukwa ine mchombo wanga unagwera m'madzi a Chilwa, pa Kachulu, ndipo matemba amene anaudya zidzukulu zawo zimandidziwa mpaka lero. Mukumva?

Chaka china ndinagula ndodo ya mbedza, yaitali kuposa chitseko ichi, ndipo nyengo yonse yozizira ya kuno ku Ireland ndinkakhalira kuwedza kungalande ya madzi, kubwerako chimanjamanja. Amayi anuwa anatopa nazo. Itafika Lenti anandiitana kukhitchini. "Bambo a Chifundo, Lachisanu a mphakati wathu wa kutchalitchi akudzadya kuno. Mukabweranso ndi chimfine chokha, ndodo yanuyo ndikolekapo makatani." Mukuwadziwa, sanena kawiri. Zinandiwawa kwambiri, ine msodzi wa pa Chilwa.

Koma chimene chinkandisowetsa mtendere si makataniwo, linali funso: kodi nsomba za kuno zimalowera kuti kukazizira? Ndinafunsa mdala Paddy, wa kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira shifiti, uku ndikumumeta ndevu, iye nkundiuza kuti Malichi akayamba nsomba zimachoka kokuya kukafuna madzi osaya a m'mabango, kumene kadzuwa kamafunditsa, kuti zikaswe. Ndinati ohoo, kani nkhani yonse ndi kufunda!

Lachinayi ndinaliza galimoto kuchoka pa Mulhuddart pano mpaka kunyanja ina kupitirira Mullingar, ndipo kumeneko kunkazizira moti nyongolotsi inakana kulowa m'madzi, inadzikulunga pachala changa nkumanjenjemera mpaka ndinamasula ulusi wa sokosi nkuilukira kajuzi, ndiye dzuwa limene Paddy ankanenalo nalonso linali litapempha tchuthi. Ndinaganiza kuti ngati dzuwa palibe, dzuwalo ndikhala ine. Ndinatsegula fulasiki nkukhuthulira tiyi yense m'mabango, wamkaka, shuga masipuni anayi.

Abale anga, nsomba za ku Ireland zimakonda tiyi ngati eni dziko. Madzi anayamba kuwira, zinabwera zazing'ono, zamizeremizere, zamaso ofiira, zonse pamzere osakankhana, ina ikagunda inzake ndinkamva ndi makutu angawa ikuti sore, inayo nayonso sore, kenako mzere unapatuka pakati, mabango anagona, abakha anathawira kumtunda wapansi, nkutulukira chimene kuno amati payiki, mutu ngati wa ng'ona, chachitali moti mutuwo utafika pamapazi panga mchira unali ukadakhota kutsidya. Mukumva? Simukumva inu.

Apa ndi pamene ndinayamba kudabwa zenizeni. Chinayang'ana mbedza yanga, kuizungulira, nkudzikola chokha, chochita kusankha bowo lakale, pakuti mlomo wake unali mabowo okhaokha ngati sefa. Chinakoka pang'ono mondipatsa ulemu, koma pang'ono pakepo ndodo inapinda mpaka nsonga inandikanda pachigongono, nsapato zanga zinalima mizere iwiri m'matope imene mlimi wa pamenepo anadzalamo mbatata. Kenako chinakwera chokha pamtunda, nyanja nkutsika, mabwato onse nkukhala pamatope. Chinagona pa udzu, kutembenukira mbali imene chinkaiona kuti ndi yokongola, kuyasamula pang'ono ngati chikumwetulira, nkukhala phee.

Ndinachizungulira. Chikudikira chiyani? Chadwala? Tiyi wachiledzeretsa? Mutu unatseguka nditakumbukira zithunzi zimene Paddy amakhoma pamwamba pa bedi lake: kuno munthu akagwira nsomba amaikumbatira, kujambulitsa, nkuibwezera m'madzi. Chinsomba ichi chinali chitajambulitsa ndi amuna onse a dera limenelo, ndi ansembe omwe, ntchito chinkaidziwa. Kwathu nsomba ikatuluka m'madzi ulendo wake ndi umodzi, koma ichi chinalibe amene anachiuza kuti ku Ireland kunabwera Amalawi.

Ndinapisa dzanja m'thumba, icho nkukweza chibwano poyesa ndikutulutsa foni. Ndinatulutsa mpeni ndi kapepala ka mchere.

Tinayang'anana. Ine nsomba ndaziona zikuopa, ndaziona zikulusa, koma yodabwa ndinali ndisanaionepo. Diso lake linachoka pampeni kubwera pa ine, kubwereranso pampeni, ngati likufunsa kuti achimwene, kamera yamtundu wanji imeneyi? Nanenso ndinkadzifunsa kuti chamoyo chimafika bwanji pokhulupirira munthu chonchi. Nditagwira pamimba pake ndinamva mazira okhaokha, odzaza mabeseni khumi. Ndinaganiza za a mphakati, ndinaganiza za ndodo yanga, koma mlendo wobwera yekha pakhomo, ali ndi pakati, ungamuikire mpeni? Chisoni chinandigwira, misozi nkutsika, ndipo musanene kuti inali mphepo.

Ndinachikankha ndi phewa mpaka chinalowa, nyanja nkudzazanso, mabwato nkuyandama. Chinazungulira kawiri chikudikirabe chithunzi, koma foni yanga inali itafa ndi kuzizira, ndiye chinandiwaza madzi ndi mchira nkumapita chitakhumudwa. Ine ndekha m'dziko muno ndi amene ndinagwira nsomba imeneyo osajambulitsa nayo, nchifukwa chake anyamata opanda ulemu ngati inu mumandifunsa umboni.

Lachisanu a mphakati anadya nyemba. Amayi anuwa sanakalipe, anangokwera pampando ndi hamala.

Tsono kwezani maso pamwamba pa windo apo. Mukuiona ndodo ija mmene inapindikira? Makatani onse amatsetserekera pakati, anthu odutsa mumsewu amationa tikudya. Anabwera akalipentala awiri, wina wa ku Chipata wamanja ngati mafosholo, anaipondaponda mpaka thukuta, inakana. Amene akuti ndikunama adzuke aiwongole, ine ndakhala pompano.