Kamakina Koyeza Magazi ndi Chala cha Alamu

Lolemba
Mimba ya achemwali yatsala mwezi umodzi. M'maso mwayera, mapazi atupa, pochokera kuchitsime akupuma kawiri. Ndikufuna apite kuchipatala ku Ntchisi akadikirire komweko. Alamu akukana, akuti fodya asoka ndani. Kutsutsana nawo sindingathe. Koma mawa kusikelo a Chimphepo, alangizi a zaumoyo, akubwera ndi kamakina koyeza magazi. Kandiyankhulire komweko.

Lachiwiri
Kamakina kake ngati kawailesi. Abaya chala, kadontho pakagalasi, alowetsa. Kakuti magazi ndi okwanira! A Chimphepo ayang'ana achemwali, ayang'ana kamakina, akanda mutu. Akuti mwina mabatire. Alamu amva kale, akuimba mluzu m'chigafa.

Lachitatu
Mabatire ayanikidwa padzuwa kuti adzuke. Mvula yagwa. Ndapita kwa a Chimphepo kukawapempha ayezenso. Ndaima pakhomo, ndapereka moni, basi. Mwamwayi azindikira okha.

Lachinayi
Abwera kunyumba. Mabatire achotsa m'wailesi ya alamu, nkhani za zipani zili mkati. Zala za achemwali:
chamkombaphala, okwanira
chapakati, ochepa
chaching'ono, kamakina kazima
Alamu akuti, "Ndi matipate amenewo, chala chilichonse ndi chipani chake." A Chimphepo avomera kuti botolo la timagalasi linagona losatseka, talowa chinyezi. Tatsopano tili ku boma, sakudziwa tibwera liti. Achemwali akwera khonde chogwirira mzati. Sindikudya.

Lachisanu
Alamu akufuna mudzi uone kuti kamakina n'kabodza. Apereka chala chawo anthu akuona. Kakuti magazi awo ndi ochepa kwambiri. Aseka. Aseka pang'ono. Asiya. A Chimphepo akuti musakhulupirire, timagalasi ndi tomwe tija. Alamu akufunsa ngati chizungulire chimayamba chonchi.

Loweruka
Alamu agona pamphasa, chitenje kumutu. Mazira anayi amene ndinabisira achemwali adya iwo. Mawu atsika: "Mlamu, ndikapita mundisamalire ana." Ayitanitsa ngolo. Akuti wodwala sapita kuchipatala wopanda womuphikira, ndiye achemwali akwere nawo. Ndawalongedzera zitenje zonse, lezala, beseni ndi ulusi, pansi pa ufa. Msewu wake matope okhaokha.

Lamulungu
Mwini ngolo wabwera. Akuti anamwino sanatenge n'kamakina komwe: angotsitsa chikope cha achemwali, pomwepo bedi. Awagoneka, akuti akanachedwa sabata ina zikanavuta. Alamu awayeza ndi makina aakulu, magazi ngati a ng'ombe. Awauza kuti poti abwera kale, womuphikira mayiyu ndi iwo. Akuti ali kukhitchini ya chipatala pakati pa azimayi, akupemerera moto.

Ine sabata yonse sindinanene kanthu. Fodya wafota m'chigafa, mulu kufika m'chiuno. Wosoka ndine.