Chidole, Chimkuzamawu ndi Apongozi

Lolemba

Amalume ake a Esitere, mkazi wanga, afika ndisanasukusule n'komwe. Akuti Loweruka kuli chinkhoswe cha mlamu wanga ndipo aliyense wapereka kena kake: wina mbuzi, wina mpunga, wina nkhuni. "Nanga inu akamwini?" Awonjezera kuti chinkhoswe chikatha tikhala pansi, aone ngati ndili ndi phindu pamudzi pano kapena ndimangodya mpunga wa eni ake. Ndamva. Banja langa lili pachiswe.

Ndayankha kuti ndibweretsa nyimbo. Osati zapawailesi ayi, za chida changachanga.

Ndinaziona pafoni. Munthu amatsegula chidole choyankhula, n'kusokoneza timawaya ta m'kati, chidole chija n'kuyamba kutulutsa mawu oti ngakhale amene anachipanga sanawamvepo. Azungu amawombera m'manja.

Pa kaunjika wa ku Songani ndatola:
kagalu kowerenga m'Chingerezi
kafoni kapinki koseka
chidole chakhanda cha diso limodzi, ukachidina pamimba chimalira

Apongozi agona ndi malungo kuyambira dzulo. Anthu akubwera kudzawazonda.

Lachiwiri

Ndayamba ndi kagalu. Ndakatsegula ndi nsonga ya mpeni. M'kati muli kathabwa kobiriwira, timizere take ngati ngalande za kusikimu ya mpunga.

Njira yake: batire likhale momwemo, unyambite chala, ukhudze apa ndi apo, uzimvera. Pafoni akuchenjeza kuti zamagetsi osayerekeza, zimapha. Vuto limenelo nyumba ino ilibe.

Ndakhudza pakona. Kagalu kakuwerenga mothamanga, mawu ang'onoang'ono. Eee! Ndakhudza pena. Kafungo. Kenako zii. Kafa.

Esitere: "Bambo, mukunyambita chiyani?" Ndamuuza kuti ndi sayansi. Wapita kukaphikira amayi ake phala.

Lachitatu

Lero kafoni. Waya ndikulumikiza ndi msomali wotenthetsa pambaula. Zotsatira:
chala chapsa
pulasitiki yasungunuka
kafoni kakuseka kokha, nthawi imene kafuna

Masana amayi a Mvano abwera kudzapempherera apongozi. Nyumba zathu n'zoyandikana. Atangoti "tiyeni titseke maso", kafoni kayamba. Kuseka kwake kwa munthu woledzera, kosapumira. Ndakakwirira m'thumba la madeya, kakumvekabe.

Esitere wabwera, wakavuula, walunjika nako kuchimbudzi. Kasekabe pang'ono pansipo.

Chatsala chidole chakhanda. Masiku akutha.

Lachinayi

Zatheka!

Ndapeza malo ake m'chidole chija. Ndalumikizapo kokwezera mawu ka wailesi yakale. Ukapotokola kumanja, chidole chikulira ngati kambalame. Ukapotokola kumanzere, kulira kuja kukutsika, kukutalika, kukukhala kwa munthu wamkulu. Ukaikapo chala chonyowa, mawu akunjenjemera. Kunena zoona ndasangalala mpaka kamsozi. Chiyambire sindinapangepo chinthu n'kutheka.

Palibe wamva. Esitere watandala kumunda, ndipo mawu a chidolecho ndi ochepa, sapitirira khonde. Pachinkhoswe pamafunika mphamvu. Ndabwereka chimkuzamawu ndi batire lagalimoto kwa mnzanga woonetsa mavidiyo. Ndiyesa mawa m'mamawa, mutu uli woyera.

Apongozi lero sanatuluke n'komwe. Odzazonda akumatuluka akupukusa mitu.

Lachisanu

Ndilemba mmene zayendera.

Dzuwa likutuluka. Esitere wapita kumjigo. Chimkuzamawu ndachimangirira mumtengo wa mango, pakati pa nyumba yanga ndi ya apongozi. Waya wadzera pawindo. Ine m'nyumba, chitseko chotseka, maso otsinzina. Ndapotokola kumanzere mpaka pamapeto, chala ndaikapo. Chigwa chonse cha Domasi chikuyankha. Ndikumva ngati mawu ena akuthandizira, ndikuti ndi phiri likubweza.

Silinali phiri.

Ndatsegula chitseko. Azimayi akuthamanga kuchokera mbali zonse, zitenje m'chiuno, manja kumutu, akulira. Azibambo akhala kale pansi pa mtengo, zipewa m'manja. Pamsewu aikapo kale masamba. Wina wapalasa njinga kukauza akuluampingo ku Mishoni. Adzukulu akufunsa makasu.

Kenako Esitere. Ndowa wataya panjira. Akuthamanga akuitana amayi ake, wadzagwa pakhomo pawo. Nkhope imeneyo sindikufuna kudzaionanso. Mtima wanga wasweka, ndipo chidole chidakali m'manja mwanga.

Chitseko chatseguka. Apongozi atuluka atafunda bulangete, kapu ya phala m'manja. Ayang'ana khamu lonse. "Watisiya ndani?"

Theka la anthu lathawa. Theka lotsalalo latembenukira kwa ine.

Loweruka

Chinkhoswe chachitika. Nyimbo aitana anyamata a zokuzira mawu a kumsika. Ine andiika kuseri, kuwaza nkhuni.

Uthenga wadzulo unayenda pafoni, womatsutsa unatsalira m'mbuyo. Abale a ku Jali atsika minibasi akulira, apeza anthu akuvina. Akhala, adya. Mbuzi sinakwane. Akuchimuna afunsa ngati pamudzi pano zimakhala chonchi nthawi zonse.

Mnzanga wamavidiyo watenga katundu wake osandipatsa moni.

Alendo atabalalika, takhala pansi paja. Sizinatalike. Ndayesa kufotokoza za chala chonyowa, amalume andidula. "Tinkadziwa ife kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Koma wokwirira apongozi ake ali moyo, tamuona lero." Akuti ndikapume kaye kwathu. Kaye ameneyo alibe tsiku.

Esitere maso pansi nthawi yonseyi. Ndimayembekeza kuti anena kanthu, ngakhale kundikalipira.

Lamulungu

Ndili kwa amayi anga ku Malosa. Afunsa ngati ndabwera kudzacheza. Ndati eya. Andiyalira mphasa m'chipinda chosungira chimanga.

Esitere anandiperekeza mpaka pamsewu waukulu. Minibasi ikuonekera, ndi pamene anapereka uthenga wa amayi ake. Akuti chidole chisachoke, achisunga okha m'dengu lawo. Akuti sankadziwa kuti anthu amawakonda chotero, ngakhale amene anakangana nawo za malire a munda anabwera akulira. Ndiye tsiku lawo lenileni likadzafika, ndidzaitanidwe ndidzalize chidole chija, chifukwa pamudzi ponse palibe woitana anthu ngati ine.

Ndinafunsa: nanga tsikulo lisanafike?

"Amayi anena zimenezo basi." Anapukuta m'maso ndi chitenje, n'kubwerera.

Choncho kwa mkazi wanga ndidzabwererako ndithu, andilonjeza. Ndamuimbira madzulo ano kufunsa mmene apongozi aliri. Akuti achiriratu. Apita kutchalitchi wapansi, pobwera asenza mtolo wa nkhuni.